Money plant ndi dovu la mphaka wanga

Kwa zaka zitatu ndakhala ndikusamalira chomera choyanga chimene ambiri timachitcha money plant, chija cha masamba ooneka ngati mtima okhala ndi mawanga achikasu. Ndinachiyamba ndi kansonga kamodzi m'botolo la madzi, ndipo chinayanga pa waya wa katani mpaka nthambi zina zinayamba kulendewera pafupi ndi mpando umene mphaka wanga, Kambuku, amakonda kugonapo.

Tsiku lina m'mawa ndinamupeza atakhala pakona, dovu lili chuchuchu, akupalasa kukamwa ndi phazi lakutsogolo ngati munthu amene wapanidwa ndi munga wa nsomba. Usipa umene ndinamuikira sanaukhudze. Kunena zoona, chimene chinandibwerera msanga m'mutu ndi chiwewe, ndipo mayi anga anayamba kale kuganizira anthu oyandikana nawo kuti mwina amuthirira tameki. Kenako ndinaona tsamba pansi pa mpando, lili ndi timabowo ta mano m'mphepete mwake.

Dokotala wa ziweto atamuona anandifotokozera kuti chomerachi, chimene dzina lake la sayansi ndi Epipremnum aureum ndipo kwawo kwenikweni ndi ku chilumba cha Mo'orea m'nyanja ya Pacific, chili ndi tizidutswa ta calcium oxalate tosongoka ngati singano, tosaoneka ndi maso. Mphaka akatafuna tsamba kapena tsinde, tisingano timeneti timatuluka n'kubaya lilime, nkhama ndi pakhosi, ndipo n'chifukwa chake amachucha dovu, amasanza komanso amakana chakudya. Aliyense amene anadyapo koko wosapsa bwino akudziwa kuyabwa kumeneku, pakuti zomera ziwirizi ndi za banja limodzi la Araceae ndipo chimene chimayabwa mu koko ndi chomwechi. Ine ndinachita manyazi kuti mfundo imeneyi ndinaidziwira kukhitchini kalekale koma sindinaiganizire pabalaza.

Nthawi zambiri chomerachi sichipha, chifukwa ululu umayamba pomwepo ndipo mphaka amasiya asanameze zambiri. Choopsa ndi pamene pakhosi patupa mpaka kupuma kukuvuta, ndipo pamenepo m'posafunika kudikira kuti kuche. Dokotala uja anandilangiza kuti ndisamusanzitse Kambuku, popeza zimenezi zimangobwezera tisingano tija pamalo popweteka kale, koma ndichotse zotsalira za tsamba m'kamwa n'kumupatsa madzi oyera. Anafunsanso za katemera wa chiwewe, ndipo anachita bwino, chifukwa dovu la chiweto si chinthu choti munthu angogamula yekha kuti ndi tsamba chabe.

Pofika madzulo a tsiku lotsatira Kambuku anali atayambanso kudya. Chomeracho sindinachitaye, ngakhale mayi anaumirira. Ndinachisamutsira m'chipinda chimene chimakhala chotseka, chifukwa kuchikweza m'mwamba sikuthandiza kwa nyama imene imafika pamwamba pa kabati ndi kulumpha kumodzi.