Mwana Wanga Atapsa ndi Phala

Tsiku limene mwana wanga anadzithira phala lotentha pamkono, anansi anathamanga ndi mazira aawisi, ena ndi mankhwala otsukira mano. Ndinakana zonsezo, ngakhale kuti kutsutsa akuluakulu n'kovuta, chifukwa zinthu zoterezi zimatsekera kutentha pakhungu ndiponso zimalowetsa tizilombo pabala. Ndinamuvula chibangili mkonowo usanatupe, kenaka ndinathira madzi ozizira, osati oundana, pamalo opsawo kwa mphindi 20. Matuza sindinawaphulitse, ndinangophimba balalo ndi nsalu yochapa bwino. Tinapitabe kuchipatala, pakuti mwana wamng'ono akapsa, kapena munthu aliyense akapsa kumaso, m'manja, kumaliseche kapena malo aakulu kuposa chikhatho chake, amafunika kuonedwa ndi dokotala.