Mafupa a amayi athu osiya kusamba

Abale inu, nkhani ya mafupa a amayi athu sitimaikamba konse muno mu Lilongwe. Mzimayi akasiya kusamba homoni ya estrogen imatsika ndiye mafupa amafooka osadziwika, kungoterereka pang'ono kubafa basi fupa lathyoka. Pali mankhwala otchedwa raloxifene, piritsi limodzi la 60mg patsiku, amalimbitsa mafupa makamaka a msana komanso amachepetsa chiopsezo cha khansa ya m'mawere kwa amayi oterewa. Koma chonde osamangokagula ku famase ayi, nthawi zina amaundanitsa magazi m'mitsempha ya miyendo, amene anadwalapo zimenezi asamwe, ndipo si ochizira khansa yoti yayamba kale. Atengeni amayi anu mukafunse adokotala ku Kamuzu Central, ndipo akamva kachotupa kubere musadikire kuti kayambe kuwawa!