Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Chifukwa chake sindinam'pirikitse mlongo wanga

Zikomo nonse amene munandilembera pambuyo pa gawo latha lija, makamaka inu amayi a ku Lundazi amene munati nanunso muli ndi mwana wotere pakhomo. Ndinawerenga zonse, ndi zolasa zomwe. Ambiri mwafunsa kuti mlongo wanga wamng'ono, amene ndinam'tchula pa maliro a atate, anathera kuti. Nkhani yake nayi.

Mukukumbuka kuti njinga ya atate ija ya Eagle inatsala m'manja mwake. Anaimangira kampando kumbuyo n'kuyamba kunyamula anthu kuchokera ku msika wa Kapata kupita ku Mchini ndi ku Navutika. Ndalama ya ufa kwa amama inkachokera pa njinga imeneyo. Chamba ankasuta, sindibisa. Anzake ambiri apanjinga ankati chimachotsa kutopa m'miyendo pokwera zitunda za m'Chipata muno. Ine ndinkam'kalipira, iye n'kumangoseka.

Mu 2014 anam'gwira madzulo ena ali ndi kampukutu m'thumba la shati, kosafika ndi chala changa chakanise. Ife tinkaganiza kuti agona usiku umodzi, tilipira faindi, zatha. Kukhoti n'kumene tinamva kuti pa lamulo la 1993, limene linkagwira ntchito nthawi imeneyo, munthu akapezeka ndi chamba choposa theka la gramu, mlandu wake unkakhala wogulitsa, osati wosuta. Ndipo pa mlandu wogulitsa panalibe belo. Theka la gramu, abale! Mnyamata amene sanagulitsepo kanthu chibadwire anakwera galimoto limodzi ndi akuba ng'ombe kupita ku rimandi.

Amama sanathe kupitako, miyendo inkawanjenjemera akangomva za ndende. Ndinkapita ndine, nditanyamula nsima ndi kapenta m'kontena, n'kuima pa mzere ndi amayi anzanga padzuwa. Tsiku lina anatuluka atavala shati ya mwini, mapazi atatupa chifukwa usiku ankagona chokhala, malo otambasula miyendo kunalibe. Anadya msangamsanga, mutu uli pansi, atakumbatira kontena ndi mkono wina. Atamaliza anandiyang'ana n'kunena kuti, "Asisi, njinga ija musaileke pamvula. Tcheni chake muzithirako mafuta." Njingayo tinali titagulitsa kale kuti tipeze ya loya. Ndinangogwedeza mutu. Pobwerera ndinakhala pa mwala m'mbali mwa msewu n'kulira mpaka mayi wina wogulitsa nthochi anabwera kudzandifunsa ngati ndaferedwa.

Anam'gamula, anagwira ukaidi, anatuluka. Njinga palibe, ntchito palibe, paliponse akangomva kuti anamangidwapo ankati tidzakuitana. Anakwera basi ya ku Lusaka ndipo zaka zisanu zinapita osamva mawu ake, kupatula mbiri yoti wina anamuona ku Chibolya, komboni ya ku Lusaka yotchuka ndi malonda a chamba.

Anabwera mu 2019. Ndinam'zindikira ndi mayendedwe okha, nkhope sinali yake. Ankakhosomola usiku wonse. Kumeneko anali ataphunzira zimene kuno sankazidziwa: mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, botolo lonse kamodzi, ndi heroin wosakaniza m'chamba uja amati volo. Amalume a ku Katete anaitanitsa msonkhano wa banja n'kugamula kuti apirikitsidwe, kapena tim'pereke kupolisi akam'sungenso mpaka atasiya. Ine ndinafunsa mwaulemu kuti, "Amalume, nanga poyamba paja atam'sunga, anatulukako atasiya?" Sanayankhe, ndipo mpaka lero moni wanga amauyankha ndi mphuno.

Atate a ana anga, Mulungu awadalitse, anatulutsa matumba a makala m'kachipinda kakuseri n'kumuyalira mphasa. Kuti ndinene zoti asiye lero lomwe, ndinadziwa kuti mawa sindim'pezanso. Ndinamuikira malamulo ena. Asanatuluke adye kaye. Pafupi ndi ana anga asabweretse kanthu. Chitseko asakhome m'kati. Botolo la chifuwa lija asaphatikize ndi kachasu. Ndiponso mawa lake tipite limodzi kukiliniki akayezedwe. La kachasu lija anandiphunzitsa ndi nesi wina wachikulire, amene anandikokera pambali n'kundiuza kuti codeine ndi heroin zimachedwetsa kupuma, mowa nawonso chimodzimodzi, ndiye zikakumana munthu amangogona osadzukanso. Anati ndikam'peza atakomoka ndisam'thire madzi kapena kum'mwetsa mkaka monga amachitira ena, koma ndim'goneke chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi, kenako ndithamange naye kuchipatala.

Usiku wake unafika m'nyengo yozizira. Ndinadzuka kuti nditsekere mbaula, ndipo ndinaona kuti kuseri sikukumveka chifuwa chija tinachizolowera. Ndinakankha chitseko, chinatseguka. Anali chagada, pakamwa yasa, milomo itachita mbuu. Ankapuma kamodzi, n'kukhala nthawi yaitali, n'kupumanso mokoka. Ndinam'tchula dzina lake laubwana, ndinam'tsina khutu, osatekeseka. Ndinam'gudubuzira chammbali, manja anga akunjenjemera, ndikukuwira atate a ana kuti adzutse aneba a takisi. M'galimoto mutu wake unali pamiyendo panga, dzanja langa pa nthiti zake, ndipo nthiti zikachedwa kukwera ndinkam'gwedeza ndi kum'tukwana ndi kupemphera, zonse pamodzi. Anatsitsimuka kukucha. Chitseko chija akanakhoma, kapena akanakhala m'chigumula china ku Magazine monga amalume ankafunira, bwenzi gawo lino lili la maliro achiwiri.

Kukiliniki anam'peza ndi TB. Mankhwala ake ndi a miyezi 6, tsiku ndi tsiku, ndipo anamaliza chifukwa m'mawa uliwonse ndinkaima pakhomo pake ndi kapu ya madzi ndi phala. Nthawi imeneyo n'kuti asanasiye volo.

Tsopano inu amene munalemba kuti ndinkalimbikitsa tchimo m'nyumba mwanga, ndi inu amayi a kumpingo amene munaleka kudya kwathu ngati nsima yanga ili ndi chamba: zimene ndinachita kuseri kwa nyumba yanga maiko ena amazichita poyera. Ku Portugal, kuyambira 2001, munthu wopezeka ndi mankhwala osokoneza bongo ochepa oti agwiritse ntchito yekha sapita kundende, amakaonekera ku kabungwe kamene kangam'tumize kukalandira thandizo. Ku Tanzania, pa chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam, anayamba mu 2011 kupereka methadone kwa ogwidwa ndi heroin, mankhwala omwa tsiku lililonse amene amaletsa thupi kuphwanya ndi kulakalaka, kuti munthu athe kugwira ntchito osaba. Kuletsa kokha tinakuona tokha: mu 2012 a Nkandu Luo ali nduna analetsa tujilijili, mowa waukali wa m'timapepala ta pulasitiki, timapepalato tinasowa, koma anyamata anangosamukira ku timabotolo ndi kachasu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mu Disembala 2019, mlongo wanga ali chigonere pamphasa paja, boma la Zambia linavomereza kulima chamba cha mankhwala ndi chogulitsa kunja, ndipo mu 2021 malamulo ake anadutsa ku Nyumba ya Malamulo. Anzathu a ku Malawi, kutsidya kwa malire a Mwami, anachita zofanana mu 2020. Kusuta n'koletsedwabe uku ndi uko, musandimve molakwa. Koma wokhala ndi laisensi angalime munda wathunthu, pamene wanga ali ndi dzina m'mabuku a khoti chifukwa cha kampukutu kamodzi.

Lero amakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi Saturday Market. Volo ndi botolo lija anasiya, ngakhale anabwererako kaye amama atamwalira, n'kusiyanso. Chamba amasutabe nthawi zina, fungo ndimalimva, ndipo timakanganabe. Kachipinda kakuseri anachokamo, akuchita lendi ku Mchini. Mu gawo lotsatira ndifotokoza mmene apongozi anga anamvera nkhani yonseyi, ndi chimene anabwera nacho kuchokera ku Chadiza.