Mabegoniya anga ndi anansi ake mumphika: m'mene zilili mu Novembala

Tili mu sabata yachiwiri ya Novembala, ndipo patha miyezi isanu chibzalire mabegoniya, maluwa okongoletsa pakhomo, amene ndinatsika nawo kuchokera ku Blantyre m'mwezi wa Juni. Mwa miphika inayi imene ndinasakanizamo maluwa, itatu ili bwino, ndipo zimenezi zandisangalatsa kwambiri poti kuno ku Nchalo kutentha kumapitirira madigiri 40 nyengo ino.

Mphika umene unakanika ndi womwe ndinkaunyadira koposa. Ndinabzalamo begoniya ya mtundu wa rex, yomwe kwawo ndi ku Assam m'dziko la India, pamodzi ndi mbatata yokongoletsa ya masamba obiriwira mowala. Maonekedwe ake anali ogwirizana, koma kamwedwe ka madzi kanali kosiyana kutali. Mbatata ija inkafota masana alionse, choncho ndinayamba kuthirira kawiri pa tsiku, osaganizira kuti tsinde la begoniya ndi lofewa ndipo limasunga kale madzi ake. Tsiku limene ndinaizula, ndinapeza tsinde litada m'munsi, likuphwanyika m'zala ngati nthochi yopsetsa, mizu ya mbatata itakuta dothi lonse. Zinandipweteka mtima, chifukwa masamba ake asiliva aja ndi amene anandikopa kuti ndiyambe ntchitoyi.

Miphika itatu yotsalayi muli Begonia semperflorens ya masamba ofiirira onyezimira, imene imapirira dzuwa kuposa ya masamba obiriwira, ndipo anansi ake ndi zomera za masamba okongola zotchedwa coleus ndi spider plant. Zitatuzi zimafuna zofanana: mthunzi wa masana ndi dothi lonyowa pang'ono lokha. Zili pansi pa mtengo wa nimu kum'mawa kwa khonde, pamene dzuwa limafika mpaka cha m'ma 9 koloko. Sindithirira ndisanapise chala m'dothi, ndipo chikatuluka ndi chinyezi ndimadikira tsiku lina. Coleus ndimamutsina nsonga kawirikawiri kuti asaphimbe anzake.

Dothi lathu la makande sindinaligwiritse ntchito lokha, poti limagwira madzi likanyowa ndipo limang'aluka likauma. Ndinalisakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, manyowa a ng'ombe owolerana bwino ndi makala osinja, kenako ndinaboola mabowo asanu pansi pa mphika uliwonse.

Chimene chikundidetsa nkhawa tsopano ndi madzi a pamjigo wathu, omwe ali ndi mchere. Pamilomo ya miphika payamba kuyera ngati pathiridwa ufa, ndipo m'mbali mwa masamba ena mukuuma. Loweruka lapitali ndinathira madzi ambiri mumphika uliwonse mpaka anatulukira pansi, kuti atsuke mcherewo, ndipo mgolo ndauika kale pansi pa malata kudikira mvula yoyamba. Ikayamba kugwa mwamphamvu, miphika ndidzaikweza pa njerwa n'kuilowetsa pakhonde. Nthambi zinayi zimene ndinaziika m'botolo la madzi masabata atatu apitawo zatulutsa timizu toyera, ndipo ziwiri ndizibzala mawa m'mphika umene munali rex uja.