Mazenera otseka ku Philadelphia, 1787

Usiku wathawu ndagona mochedwa, ndimawerenga za momwe anthu a ku America analembera malamulo oyendetsera dziko lawo, ndipo pali zina zomwe sizikundichoka m'mutu.

Mu 1787 nthumwi 55 zinakumana mumzinda wa Philadelphia. Zinatumidwa kukangokonza pangano lakale la Articles of Confederation, lomwe silinkalola boma lalikulu kutolera msonkho, koma zinatulukamo ndi chinthu chatsopano. Chigawo cha Rhode Island sichinatumize munthu. Tangoganizani: kunja kukutentha, iwo mazenera atseka kuti zokambirana zisamveke panja. George Washington ali pampando, James Madison wakhala kutsogolo akulemba zolankhulidwa tsiku ndi tsiku, Benjamin Franklin ali nkhalamba ya zaka 81.

Zigawo zazing'ono zinkaopa kumezedwa ndi zazikulu, ndiye anagwirizana zokhala ndi nyumba ziwiri za malamulo: ku Senate chigawo chilichonse aphungu awiri, kunyumba inayo kutengera chiwerengero cha anthu.

Apa mpomwe mtima wandiwawa, abale anga. Powerenga anthuwo, akapolo asanu ankawatenga ngati atatu, ndipo zimenezi zinaonjezera mipando kwa eni akapolo omwewo. Anagwirizananso kuti boma lisaletse kubweretsa akapolo kuchokera kunja mpaka 1808. Mawu oti kapolo sanawalembe n'komwe, anangoti "anthu ena". Anthu enawo anali akuda ngati ine, ogwidwa kuno ku Africa kapena ana awo.

Pa 17 September pachikalatacho panasainidwa mayina 39. George Mason, mmodzi mwa nthumwizo, anakana kusaina, mwa zina chifukwa munalibe ndime zoteteza ufulu wa anthu, zomwe zinadzalowa mu 1791. Mason yemweyo kumunda kwake ku Virginia anali ndi akapolo ambirimbiri.