Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Bokosi limene linandiliza

Ndikuthokoza nonse amene munandilembera pa gawo lapitalo, kuphatikizapo inu achimwene amene munanena kuti ndinachoka pa kampani yoyamba ija ku England chifukwa chosusukira ndalama. Lero ndikuyankhani.

Mukukumbukira kuti ndinkalemba pulogalamu ya kompyuta ya kabokosi kena ka zamagetsi ka m'ndege, kamene kankalandira manambala kudzera pa mawaya a ARINC 429, njira imene zipangizo za m'ndege zimatumizirana uthenga. Nthawi imeneyo pafupifupi ntchito iliyonse m'ndege inali ndi bokosi lakelake, ndipo pulogalamu yanga inalukidwa mogwirizana ndi purosesa imodzi yokha, kachipangizo kamene kali ngati ubongo wa kompyuta. Zaka zitatu zinathera pomwepo, ndikuyesa mzere uliwonse wa pulogalamuyo monga malamulo a DO-178B, oyendetsa kapangidwe ka mapulogalamu a m'ndege, ankafunira.

M'mawa wina wachisanu abwana anandiitana nandikankhira kalata patebulo, yonena kuti opanga purosesa ija asiya kuipanga. Sanakweze mawu, anangoti tiyambirenso. Masana ndinakatsekera m'galimoto, nsima imene mayi a ana anandilongedzera ili pamiyendo, mpaka inauma ndisanatsineko n'kamodzi komwe. Ndinalira ngati pamaliro, chifukwa ndinkadziwa kuti pulogalamuyo inalibe vuto lililonse, koma inafera limodzi ndi chitsulo chimene tinaimangirirapo.

Pamsonkhano wotsatira ndinapempha kuti titsatire ARINC 653. Pa dongosolo limeneli kompyuta imodzi imagawidwa zipinda, pulogalamu iliyonse n'kupatsidwa malo ake mu memory (mosungira zinthu mwa kompyuta) ndi kanthawi kake kogwirira ntchito, kotero kuti ina ikasokonezeka siiononga inzake. Komanso pulogalamu imalankhula ndi kompyuta kudzera pa khomo lodziwika kwa aliyense lotchedwa APEX, ndiye purosesa ikasintha zambiri zimene munalemba zimapulumuka. Sizinali zamaloto, pakuti Airbus A380 inali itayamba kunyamula anthu mu 2007 ndi makompyuta ogawana ntchito motere, olumikizidwa ndi netiweki ya AFDX.

Mkulu wa zamalonda uja, amene ndinakuuzani kuti sankandiyankha moni, anaseka nati bokosi lotseka, losagwirizana ndi za makampani ena, ndilo limabweza kasitomala kwa ife chaka ndi chaka. Ndinamvetsa kuti kwa iwo misozi yanga inali phindu.

N'chifukwa chake ndinachoka, achimwene, ndipo kumene ndinapitako malipiro anali otsikirapo. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba tinasamukira m'nyumba ya chipinda chimodzi, ana akugona pabalaza, ine usiku ndikuwerenga buku la ARINC 653 patebulo la kukhitchini.