Kampu ya ana ya magule ndi zisudzo yatha, koma za holo zidakandiwawabe

Ng'oma tabweza kwa eni ake, ana onse anabwerera kwa makolo awo ali bwinobwino, ndipo mtima wanga wakhalako pansi. Ndikulembera inu anzanga a zaluso amene mwakhala mukundifunsa kuti munthu amayambira pati akafuna kusonkhanitsa ana patchuthi n'kumawaphunzitsa magule, zisudzo, ndakatulo ndi kuyimba kuno ku Zomba. Ndikuuzani momwe ndinayendera, koma mundipirire, pa nkhani ya holo ndikhalitsapo.

Za aphunzitsi musade nazo nkhawa. Mzinda uno uli ndi yunivesite ya Chanco, yomwe yakhala ikutulutsa anthu odziwa zisudzo ndi nyimbo kwa zaka zambiri. Mwambo wotengera sewero kumudzi, wa Travelling Theatre uja, unayambira pomwepa m'zaka za m'ma 1970. Anyamata ndi atsikana ophunzira pa Chanco okhala ku Chikanda ambiri amafunitsitsa kuphunzitsa ana. Chofunika n'kugwirizana nawo za malipiro kampu isanayambe, ngakhale atakhala ochepa bwanji, komanso kuwafunsa za mayeso awo poti kalendala yawo siyendera limodzi ndi ya mapulayimale nthawi zonse. Mawu oti "mungodzipereka" ine sindiwalankhula kwa munthu waluso. Amene waima m'mawa wonse akuwongolera phazi la mwana wagwira ntchito, ndipo sopo amagulanso ngati wina aliyense.

Nthawi yabwino ndi tchuthi chachikulu cha mu Ogasiti, sukulu zisanatsegulire mu Sepitembala. Koma kumbukirani kuti kuno nyengo yomweyi ndi ya zinamwali. Ana ena amene analembetsa mayina mwachimwemwe simuwaona chifukwa apita ku jando kapena ku nsondo, ndipo kholo silingakuuzeni pagulu. Funsani mwaulemu polembetsa, ndipo gawo lalikulu m'sewero muphunzitse ana awiri. Masiku ife tinasankha Lolemba mpaka Lachinayi, m'mawa mokha. Lachisanu ana achisilamu amapita ku mzikiti, masana ambiri amakhala ku madrasa, Loweruka ndi la a Seventh Day, Lamulungu n'lodziwikiratu. Mukalimbana ndi masiku amenewa mulimbana ndi makolo, ndipo simupambana.

Makalata ndinayambira kwa amfumu a dera lomwe ana ambiri amachokera, kenako kwa ahedi a sukulu zoyandikana, kwa a PEA (mlangizi wa sukulu zapulayimale za m'dera) ku ofesi yawo ya TDC, ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Kumeneku sindinavutike. Kalata ikhale ya tsamba limodzi: ndinu ndani, ana a zaka zingati, kuti, liti, adya chiyani, awayang'anira ndani. Mupite ndi makope awiri, imodzi adindepo mubwerere nayo.

Tsopano holo.

Sinditchula ofesi yake, koma ndi holo imene ambiri mumaidziwa. Ndinalemba kalata yopempha malo sukulu zisanatsekere n'komwe. Ulendo woyamba bwana anali ku msonkhano kunyanja. Ulendo wina anali ku maliro, zimenezo munthu sungadandaule. Nditawapeza anandilandira bwino, nati ganizo lake ndi labwino kwambiri, ana asamangoyendayenda m'misika. Anandiuza mtengo, nati ndikalipire ku banki ndibweretse silipi. Ndinakaima pamzere ku banki, n'kubwera ndi silipi, koma wolemba malisiti anali atatuluka ndi kiyi wa kabati yomwe mumakhala buku. Tsiku lomwe lisiti inalembedwa, panangolembedwa dzina langa, ndalama, ndi mawu akuti holo ya ana. Ndinapempha kuti alembepo masiku onse. Bamboyo anaseka nati, "Aaa achemwali, musadandaule, ife tikukudziwani. Masiku anu ali m'buku lathu umu." Ndinaumirira, iye n'kunena kuti pa lisiti palibe malo olembapo zonsezo.

Kampu inayamba bwino. Kenako Lachinayi lina, sewero litayamba kugwirana, tinafika m'mawa n'kupeza amayi akukoleka nsalu zoyera ndi mabaluni m'holo muja, mipando ataiyala kale mizeremizere. Ukwati wa Loweruka. Mlonda, bambo wachikulire amene ankatithandiza mokhulupirika masiku onse, anandikokera pambali mwamanyazi nati, "Madamu, andiuza kuti ana ndisawatsegulire mpaka Lolemba. Ine ndangouzidwa." Kumbuyo kwanga kunali ana ochokera ku Chinamwali, ku Matawale, ku Sadzi, ena anayenda wapansi, ena makolo anawalipirira kabaza ndi ndalama yomwe ikanagula ndiwo. Phala linali pamoto kale.

Ndinasiya ana ndi aphunzitsi anzanga pansi pa mtengo, ine ulendo ku ofesi. Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Aliyense wodutsa ankati dikirani pang'ono, akubwera. Buku lija lomwe munali masiku anga linasowa tsiku limenelo. Bwana atafika anayang'ana lisiti yanga, naitembenuza, nati palibe pomwe palembedwa kuti Lachinayi limeneli ndi langa. Kenako ananena mawu omwe mpaka lero akundiwawa: "Koma mayi, zanuzi si zongosewera ndi ana? Akhoza kuvinira panja."

Zongosewera! Mwana amene sabata yoyamba sankatha kutchula dzina lake mokweza, tsopano akuima kutsogolo n'kulakatula ndakatulo yomwe walemba yekha, zimenezo n'zongosewera? M'mapulayimale muli phunziro la Expressive Arts, ndipo pa mayeso a Sitandade 8 pali pepala la Arts and Life Skills, koma m'kalasi la ana ochuluka mphunzitsi mmodzi sangapatse mwana aliyense ng'oma kuti aigwire. Ambiri amangolemba mayina a magule m'kope osawavinapo. Ntchito imeneyo ndi yomwe ife timagwira patchuthi. Ndikudziwa kuti maholo amadalira maukwati ndi zinkhoswe, ndipo miyezi imeneyi ndi yomwe anthu amakwatirana kwambiri. Sindikukana kuti apeze ndalama. Koma ndalama yanga analandira, masiku anga ankawadziwa, nambala yanga ya foni inali pa kalata. Kungoimba dzulo lake kukanakwanira kuti ndiuze makolo.

Ndipo panja mu Ogasiti si povinira ana m'mawa wonse. Mphepo imaomba, fumbi limalowa m'maso ndi pakhosi, mawu a mwana wa zaka 9 amangouluzika osafika kwa mnzake amene akuyankhana naye m'sewero. Tinali ndi ana awiri a chifuwa cha mphumu.

Ndiye mverani, anzanga: musapereke ndalama ya holo musanalandire kalata yokhala ndi masiku onse, lililonse palokha, maola ake, dzina la wosayina ndi chidindo. Akati pa lisiti palibe malo, lembani nokha kalatayo kunyumba, iwo angosayina n'kudinda. Akakana, nyamukani mukafune kwina. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Mawu okoma a mu ofesi ndi wapachala ameneyo.

Sizinathere pomwepo. Lolemba titabwerera anatiuza kuti pali ndalama ina ya magetsi ndi yosesera yomwe sitinalipire. Pa tsiku logwirizana mtengo palibe anaitchula. Magetsi ake ati, ife tikuvina dzuwa likuwala ndi ng'oma za chikopa? Kusesa tinkasesa tokha ndi ana tisanaweruke, ndipo zinyalala zomwe tinapeza Lolembalo zinali za ukwati. Apa ndi pomwe ndinati basi. M'kalata ija mulembenso kuti mtengo umenewu waphatikiza chilichonse, ndipo muonetsetse kuti mlonda wauzidwa ndi ofesi, osati ndi inu nokha.

Anatipulumutsa ndi ahedi a sukulu ina yapulayimale, mayi wachifundo amene anamva nkhaniyi kwa kholo. Anakambirana ndi komiti ya sukulu ndi amayi a Mother Group, natipatsa makalasi awiri. Tinasunthira madesiki kukhoma, n'kumawabwezera tikamaliza. Kunena zoona, makalasi anatikomera kuposa holo, chifukwa tinatha kugawa ana: a Sitandade 3 mpaka 5 kwaokha, akuluakulu kwaokha. Mukawasakaniza, aang'ono amangoonerera. Ngati mukuyamba kumene, pitani kaye ku sukulu kapena ku tchalitchi cha m'dera lanu, ndipo ngakhale kumeneko masiku alembedwe.

Ndabwerera m'mbuyo pang'ono, pali zomwe ndadumpha. Mphunzitsi aliyense amene akhale ndi ana akatenge kalata ya kupolisi yosonyeza kuti alibe mlandu. Amadinda zala, pali kandalama kolipira, ndipo imatenga nthawi, choncho yambani nayo msanga. Ena ankaona ngati ndikuwakayikira, koma ndinayamba ndine kukatenga yanga. Kholo lililonse lisayine fomu yachilolezo ya m'Chichewa, yokhala ndi nambala za foni ziwiri, matenda omwe mwana ali nawo, amene azidzamutenga, komanso ngati likulola kuti mwana ajambulidwe n'kuikidwa pa Facebook kapena WhatsApp. Makolo ena anakana, ndipo ana awo sitinawajambule. Lamulo la Child Care, Protection and Justice la 2010 likutikhudza tonse amene timasunga ana a eni, ndipo kuyambira 2017 malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ngakhale atatalika kukuposani. Ife tinapangana kuti wamkulu asakhale yekha ndi mwana m'chipinda, atsikana akhale ndi kovalira kwawo, ndipo nambala yaulere ya 116, yoimbira mwana akachitiridwa nkhanza, tinailemba pabolodi tsiku loyamba.

Chakudya musachipeputse. Mwana wanjala savina. Phala la Likuni m'mawa, mbatata kapena chinangwa chophika cha m'ma 10 koloko, zinatikwanira. Makolo ena m'malo mwa ndalama ankabweretsa nkhuni, ufa kapena shuga, ena ankalipira pang'onopang'ono pa Mpamba ndi Airtel Money, zonse ndinkalemba m'kope limodzi. Musanavomere malo, kaoneni zimbudzi ndi maso anu, ndiponso ngati madzi akutuluka. Chichitikireni mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, makolo amafunsa za ndowa ndi sopo asanafunse za magule, ndipo akulondola.

Ng'oma nazo zili ndi zake. Kuno m'mawa kumazizira, chikopa chimalefuka, ng'oma imangoti phuphuphu. Pamafunika kamoto ka udzu kowambira, ndipo woyatsa akhale wamkulu, ana aime patali. Phula lomata pakati mutenge lapadera, chifukwa tizala ta ana timalikanda mpaka kutha. Mukabwereka ng'oma, gwirizanani ndi mwini wake za chikopa chikang'ambika.

Pa magule omwe tinasankha, beni ndi amene anatenga mitima ya anyamata. Nditawauza kuti guleyu amatsanzira perete wa asilikali, ndipo ndi wa mbiri imodzi ndi chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles, a nthawi ya atsamunda) chomwe amachidutsa kawirikawiri mumzinda muno, anayamba kuguba ndi mapewa ena. Tchopa anatiphunzitsa ndi agogo ena achilomwe amene tinawaitana mwapadera, ndipo ana anadabwa kumva kuti gule wa kwawo analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2014. Agogowo tinawalipira monga mphunzitsi wina aliyense. Gule wamkulu musayerekeze n'komwe kuphunzitsa ana m'kalasi, ali ndi eni ake ndi malamulo ake. Manganje funsani kaye makolo, ndipo nyimbo zina za ku chinamwali si zoimbira pabwalo la sukulu. Mphunzitsi wachinyamata akhoza kuyambitsa nyimbo mosadziwa, mawa lake kholo lakufikirani.

Chionetsero chomaliza tinachita pabwalo la sukulu yomweyo m'mawa mphepo isanayambe, oonerera anali makolo ndi amfumu, pakhomo osalipiritsa, nyimbo zonse za pakamwa ndi ng'oma. Ngati inu mukufuna kulipiritsa anthu kapena kuika nyimbo za oimba ena pa masipika, kafunseni msanga za chilolezo ku Censorship Board ndi ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso, musadikire sabata yomaliza. Ndipo tsiku la chionetsero ndi lomwe liyenera kulembedwa ndi kudindidwa kuposa ena onse, makamaka likakhala Loweruka. Tangoganizani makolo atavala bwino, ana atadzola kale, inu n'kupeza mkwati ali pa siteji yanu.

Ndalama ya masiku omwe sitinagwiritse ntchito holo ija sanandibwezerebe. Anati ndilembe kalata yopempha, ndinalemba, kope yanga anadindapo ndipo ndili nayo. Akuti ikudikira siginecha ya bwana. Lolemba ndipitanso, chifukwa ndalamayo ndi ya makolo, ndipo ina mwa iyo ndikufuna ndikamalizire malipiro a mnyamata woimba ng'oma amene wandidikira moleza mtima mpaka pano.